Kaputeni Amene Ankadya Pomaliza

Mwezi wathawu tinavundukula mwala pamanda a apongozi anga aamuna, a Kaputeni Soko, kumudzi kwawo kufupi ndi Champhira. Ana awo anakangana kwa nthawi yaitali za mawu oti alembedwe pamwalapo. Wina ankafuna palembedwe za sukulu ya maofesala a usilikali imene anakaphunzira kutsidya kwa nyanja, wina ankafuna za kampani yocheka matabwa ya ku Luwawa imene anaiyendetsa mpaka imvi zitabwera. Mapeto ake analemba zonse, mwala n'kudzaza mpaka m'munsi, moti woti awerenge mzere wotsiriza ayenera kugwada. Ine sanandifunse, poti mtengwa salowerera za manda a eni ake. Akanandifunsa ndikanati angolemba kuti ankadya pomaliza, ndipo aliyense wa kuno akanadziwa kuti pagona ndani.

Anali munthu wamfupi, wachifuwa chotakata, wometa mpala Loweruka lililonse. Usilikali anausiya ine ndisanakwatiwe pakhomo pawo, koma kayendedwe sanasinthe mpaka miyendo itayamba kuwakana. Nsapato ankapolisha okha m'mawa, kenaka n'kukaziviika m'matope a ku Luwawa, kumene mvula yamawawa imagwa ngakhale pa nthawi imene kwina konse kuli fumbi. Akabwera madzulo ankazipolishanso. Apongozi anga aakazi, a NyaTembo, ankati nsapatozo ndi mkazi mnzawo, ndipo zimasamalidwa bwino kuposa iwo.

Misonkhano ya kuofesi ankachititsa choimirira, ati mpando umatalikitsa nkhani. Milu ya matabwa ankaiyendera manja ali kumbuyo, ndipo thabwa limodzi likatuluka pamzere sankakalipa. Ankangoima n'kuliyang'ana, mpaka kapitawo atachita manyazi m'malo mwa thabwalo. Ingoma ankaikonda ndi mtima wonse koma sankaitha. Anzawo akamaponda pansi mwa Chingoni, chishango m'manja, iwo ankaguba, dzanja likupita kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope ili gwa. Palibe analimba mtima kuwauza, ndipo anamwalira akudziyesa katswiri.

Za kusukulu ya usilikali ija sankakamba zambiri. Mfuti, mendulo, maulendo a kumalire, zonsezo ukawafunsa ankangoti ndi zakale. Nkhani imodzi yokha ndi imene ankaibwereza mosatopa, ndipo adzukulu ankaidziwa pamtima. Tsiku lina akuphunzira kutchire, kukuzizira kwambiri, anaikidwa kukhala mtsogoleri wa gulu la anzawo. Chakudya chitafika iwo anathamangira kutsogolo ndi mbale yawo, monga mwana aliyense wa Chingoni amene anakula akuona kuti wamkulu ndiye amayamba. Sajeni wina wa ndevu zofiira anaimenya mbaleyo ndi kandodo, chakudya n'kumwazika m'chipale chofewa. Anawafunsa ngati anthu awo adya, kenaka anawaimika kumapeto kwa mzere. Pamene ankafika pamphika munali mutatsala msuzi wokha. Ankasimba akuseka mpaka misozi, n'kumati sajeniyo anawaphunzitsa zambiri ndi kandodo kamodzi kuposa mabuku onse a pasukulupo.

Atapatsidwa udindo woyendetsa kampani ija anapeza kuti mabwana ali ndi kachipinda kawo kodyeramo, ka makatani, pamene ocheka ndi onyamula zipika ankadya panja. Sabata yomweyo kachipindako kanasanduka sitolo ya macheka. Kuyambira pamenepo bwana aliyense ankaima pamzere, ndipo a Kaputeni ankaima kumapeto kwenikweni, mbale ya malata ili m'khwapa. Anthu ena ankayesa kuti ndi kudzionetsera, koma nkhaniyo inali ndi mano. Nyemba zikatha iwo asanalandire, kapena akapeza za pansi pa mphika zopserera, mawa lake wogula zakudya ankaitanidwa kukachita nawo msonkhano woimirira uja. Eni kampani akabwera kuchokera kumzinda atavala masuti, nawonso ankaima kumbuyo kwa anthu a utuchi m'tsitsi. Mmodzi wa iwo akuti anazolowera kubisa mabisiketi m'galimoto. Eni akewo anawapirira a Kaputeni chifukwa matabwa ankatuluka pa nthawi yake ndipo antchito sankathawa.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Makani anali nawo ochuluka, ndipo akanena chinthu sankabwerera m'mbuyo. Mwana wa mlongo wawo anamupeza akusuta fodya m'nkhalango ya paini m'nyengo ya moto, ndipo anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, anthu onse akuona. Mlongo wawoyo, a NyaSoko, amene kuno timawatchula kuti ankhazi, anapsa mtima koopsa. Anabwera mpaka kuofesi n'kuwauza kuti achotse kaye unifomu ya m'mutu ndipo akumbukire kuti anayamwa bere limodzi. A Kaputeni anawamvetsera ataimirira, n'kuwaperekeza ku galimoto mwaulemu wonse, koma mnyamatayo sanabwerere pantchito. Chakukhosi chimenecho ankhazi anachisunga bwinobwino, ndipo amene anadzachilawa ndine.

Ine ndine wa ku Dedza. Ndinakumana ndi mwana wawo, Wanangwa, tikuphunzitsa pasukulu ina pa Mzimba Boma. Kwathu nkhani ya ukwatiwu inavuta, makamaka kwa amalume anga a Biziwiki, amene ankati Angoni a ku Mzimba amagula akazi ndi ng'ombe ndipo mwana wathu akapita kumeneko ndiye kuti wapita. Anavomera monyinyirika. Kumbali ya kuchimuna, ankhazi anali atamuonera kale Wanangwa mtsikana wina wa pafupi, wodziwa Chitumbuka ndi mwambo, osati Mchewa woti ngakhale moni akuchita kumuphunzitsa.

Pamudzi pawo pali mwambo. Ukwati ukachitika kutchalitchi, mawa lake mtengwa amaphika mbale yoyamba ya apongozi ake aamuna. Mbaleyo imapita yovundikira ku sangweni, kumene kumakhala amuna pafupi ndi khola la ng'ombe. Apongozi akadya, mbale imabwerera yopanda kanthu, ndiye kuti mwana walandiridwa, ndipo pamenepo mpamene anthu ena onse amayamba kudya. Ikabwerera yovundikira, sipafunikanso mawu. Akazi a pamudzi anandifotokozera zimenezi mobwerezabwereza, ena mondithandiza, ena mongofuna kuona mmene nkhope yanga isinthire.

Ndinaphika nkhuku ndi mpunga. Mchere ndinauthira mosamala, nthutumba ndinaiika pamwamba monga anandilangizira. Ndinagwada chapatali, ankhazi n'kutenga mbale kupita nayo ku sangweni, ine n'kubwerera kukhitchini kukadikira. Dzuwa linali litangofika pamutu.

Chimene sitinkadziwa ife a kukhitchini ndi chakuti a Kaputeni anali ataitana antchito awo a ku Luwawa kuti adzadye nawo phwandolo. Anthuwo ananyamuka m'mamawa pa lole ya kampani, ndipo loleyo inatitimira m'matope penapake m'njira, poti inali nyengo ya mvula yomaliza. Mbale itafika, a Kaputeni anailandira ndi manja awiri, n'kuiika pambali pa mpando wawo, n'kupitiriza kucheza. Maso anali kumsewu. Mwambo ankaudziwa, koma anachoka pamudzi ali wamng'ono, ndipo m'mutu mwawo nkhani inali yosavuta: anyamata afika, alandira, kenaka iwo adya mbale ya mpongozi wawo mwamtendere.

Nthawi inapita. Akuluakulu a pamudzi anayamba kuyasamula, koma palibe akanadya mwini mudzi asanayambe, ndipo palibe akanamufunsa Kaputeni chifukwa chake sakudya. Ana anayamba kulira. Ankhazi ankapita ku sangweni ngati akukatenga madzi, n'kubwerera kukhitchini akupukusa mutu.

"Yovundikira ndithu," ankatero, osandiyang'ana. "Adumbu anga ndimawadziwa ine. Akakana chinthu sanena, amangochiyang'ana. Mbwenu tiona."

Adumbu ndi mmene mkazi wa kuno amatchulira mlongo wake wamwamuna, ndipo ankhazi ankalitchula liwulo mokoma ngati akuwachitira chisoni. Ine ndinakhala pamphasa mutu uli pansi, chitenje chaukwati chili paphewa, ndikuwerengera m'mutu zonse zimene ndinathira mumphika. Mantha ndinachita nawo, koma kunena zoona chimene chinakula ndi mkwiyo. Ndinkadzifunsa kuti munthu amakana bwanji nkhuku asanaivundukule n'komwe. Amayi anga anali atakhala pafupi nane, ndipo ndinaona akuyamba kupinda zovala zawo mwakachetechete n'kumaziika m'chikwama.

Za ku sangweni anandisimbira Wanangwa, amene anali pomwepo, thukuta lili kamukamu m'suti yobwereka. Amalume anga anapirira mpaka mthunzi wa khola utatalika. Kenaka anaimirira, n'kutenga chipewa chawo.

"Bambo Soko," anatero, "ife taona ndipo tamva. Mwana wathu sanasowe pokhala. Ng'ombe zanu zonse zikadali moyo, mudzatumize anthu adzazitenge."

A Kaputeni anadabwa. Anayamba kuwatsimikizira kuti lole ifika posachedwa, ndipo amalume, amene za lole sankazidziwa, anamva ngati akuwauza kuti galimoto yowabweza kwawo ili m'njira. Zinthu zikanathera pomwepo pakanapanda a NyaTembo. Mayi ameneyo anavula ulemu wonse, n'kulowa ku sangweni kumene mkazi sapondako wamba, n'kugwada pamaso pa amuna awo.

"A Soko, ndapota, vundukulani mbaleyo."

"Anyamata sanafike, NyaTembo."

"Anyamata anuwo ali ndi akazi awo kunyumba. Mwana wanu ndi amene atsale wopanda mkazi. Anthu onse pano akuti mwamukana mkamwana."

"Ndamukana ine? Wanena ndani?"

"Yanena ndi mbale. Kuno si kubalaki kwa asilikali, adada. Idyani."

Wanangwa amati sanawaonepo bambo ake atasowa chochita ngati tsiku limenelo. Anayang'ana kumsewu, kunali zii. Anayang'ana amalume, amene chipewa chinali kale kumutu. Chichokereni kutchire kozizira kuja, munthuyu anali asanaikepo chakudya m'kamwa anthu ake ali ndi njala, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mendulo zake zonse. Anavula wotchi n'kuiika m'thumba, anapinda malaya, anasamba m'manja, n'kuvundukula mbale.

Nkhuku inali itazizira, mafuta atagwirana pamwamba. Anayamba ndi nthutumba, nkhope ili ngati ya munthu womwa mankhwala a malungo. Koma atafika pantchafu nkhope ija inamasuka, poti ngakhale ndidzitame, nkhuku ndimaitha. Anadya zonse, mpunga wonse, anaphwanya mafupa, n'kupukuta msuzi ndi chala. Amalume anavula chipewa n'kukhala pansi osauzidwa. Pomaliza a Kaputeni anaitana mlongo wawo, osati munthu wina aliyense, n'kuwapatsa mbale ija m'manja.

"NyaSoko, mukawauze amama, mpongozi wanga, kuti msilikali wagonja. Muwauzenso kuti kang'ombe kamphumi yoyera kali m'kholamo ndi kawo. Mukanene mokweza, anthu onse amve."

Ankhazi anabwera nayo mbale kukhitchini akuyenda ngati atenga katundu wolemera. Uthenga ananena wonse, mokweza ndithu, ngakhale mawu ankatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Akazi anaimba nthungululu, amayi anga anatulutsanso zovala zija m'chikwama, ine n'kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ankhaziwo tinadzagwirizana pambuyo pake, ndipo ndi amene anandiphunzitsa Chitumbuka, kuyambira ndi mawu otukwanira.

Lole inafika anthu ali pakati pa kudya. A Kaputeni anapita kukaichingamira, n'kuima njo pamaso pa antchito awo, matope ali mpaka m'maondo mwa anthuwo.

"Anyamata, lero ndadya inu musanadye. Mlandu ndi wanga."

Anthuwo anayang'anana. Kapitawo wawo anakanda m'mutu, n'kunena kuti bwana asadandaule, chifukwa anthu a m'mudzi umene anatitimira anawaotchera chimanga chachiwisi, moti ena mwa iwo mimba zinali kale ndi ndi ndi. A NyaTembo anaseka mpaka kukhala pansi. Nkhani imeneyi ankawakumbutsa amuna awo mkangano uliwonse ukabuka m'nyumba, ndipo a Kaputeni ankangodzuka n'kupita kukapolisha nsapato.

Wina angaganize kuti anasintha. Sanasinthe ngakhale pang'ono. Pa maukwati, pa maliro, pa misonkhano ya mpingo, anapitiriza kuima kumapeto, ndipo abusa atsopano ankavutika nawo chaka choyamba mpaka atazolowera. Chimene chinatsala pa tsiku lija ndi chimodzi: mbale yochokera m'manja mwanga sankaidikiritsa. Ankaivundukula nthawi yomweyo, kaya mzere watha kaya sunathe, ndipo inkabwerera yoyera. Mwina ankaopa kuti amalume angatulukirenso ndi chipewa chawo.

Zimenezi zinadzathandiza atadwala matenda a shuga. Adokotala anawauza kuti azidya pa nthawi yake, iwo n'kuvomera mwaulemu, n'kupitiriza kuima kumbuyo kwa anthu mazanamazana mpaka tsiku lina anagwa pamaliro a mnzawo. Kuyambira pamenepo banja linapeza chida, ndipo chidacho ndinali ine. Kukakhala chochitika, a NyaTembo ankanditsina khutu kuti amuna awo ayamba kutuwa milomo, ine n'kuthamanga kukapakula, n'kugwada chapatali, wina n'kupereka mbale. Ankailandira akung'ung'udza kuti m'nyumba mwawo muli chiwembu ndipo mkulu wa zigawenga ndi Mchewa. Koma ankadya. Ngakhale kukampani, zaka zawo zomaliza, ankanyamula kambale kanga kovundikira, n'kudya msanga muofesi chitseko chili chotseka, kenaka n'kukaimabe kumapeto kwa mzere kuti aone ngati nyemba zakwanira.

Zaka zonsezo ine ndi iwo sitinalankhulanepo maso ndi maso. Ndi mmene mwambo ulili, ndipo tonse awiri tinkausunga. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wawo, kapena mdzukulu, kapena khoma, ine ndili pomwepo. Ankatha kunena kuti wina awauze amama kuti tsabola wa dzulo anali wa nkhondo, ine n'kuyankha kwa a NyaTembo kuti wina awauze adada kuti msilikali saopa tsabola. Tinkachezerana chonchi mpaka anthu kuseka, ndipo ndinganene mosabisa kuti pakhomo ponsepo munthu amene ndinkamvana naye kwambiri anali iwowo.

Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala pa Boma. Ana awo anafuna kuwapezera chipinda cha okha, iwo anakana, ati akufuna kukhala pamene pali anthu. Masiku oyamba ankafunsa ngati odwala a m'mabedi ena alandira, ndipo namwino wina anafika podandaula kuti m'wodi mwake mwabwera bwana wachiwiri. Ine ndinkabweretsa phala masana alionse, a NyaTembo n'kuwamwetsa, mbale n'kubwerera yopanda kanthu.

Tsiku lina a NyaTembo anali atatuluka kukachapa. Ndinagwada m'mbali mwa bedi n'kuika mbale pakatebulo, ndikudikira kuti abwere. A Kaputeni anaivundukula okha. Anatenga sipuni, n'kuikweza pang'ono, dzanja n'kukana. Anayesanso, osatheka. Anabwezera chivundikiro mosamala, ndipo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire changa.

"NyaPhiri," anatero. Sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa limatha kutuluka m'kamwa mwawo. "Yewo chomene, mama. Lero mbale ibwerera. Koma ukawauze amalume ako kuti sindinakane."

Amalume anali atamwalira kalekale, ndipo iwo ankadziwa, poti anapita okha ku Dedza kukawaika. Ankamwetulira. Ine ndinayankha kuti ndamva, adada, n'kutuluka ndi mbale yanga, n'kukalirira kuseri kwa wodi. Anatisiya sabata yomweyo.

Pa tsiku lovundukula mwala kunabwera anthu ambiri, ndipo a ku Luwawa anabwera pa lole, yosatitimira. Chakudya chinayenda monga mwa mwambo. Mafumu ndi abusa anayamba, ana a malemu n'kutsatira, ndipo zonse zinatha msanga popanda wodandaula. Ine ndinali pamiphika ya panja, ndikupakulira antchito amene anaima pamzere wautali kuchokera pakhitchini mpaka pafupi ndi khola.

Womaliza anali mkulu wina wonola macheka, a Matiki a ku Mulanje, amene amatsimphina ndipo sapikisana ndi achinyamata pothamangira chakudya. Atafika pamphika anatambasula mbale, kenaka anaibweza pang'ono n'kucheuka, monga munthu wofuna kuona ngati zotsalazo zikwanira awiri. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Kunali bwalo losesedwa, fumbi lopondedwapondedwa, ndi mpanda wa khola ng'ombe zitapita kubusa. Anayang'ana pamenepo kanthawi, ine chipande chili m'manja, ndipo mumphika munali mutatsala nyama yokwanira ndithu anthu awiri.